Tikufuna kupita ku Likoma ndi ana koma thumba ndi lopepuka, tikaona chiyani?

Mayi a Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ine ndi bambo a kunyumba tapangana kuti holide yaikuluyi titengere ana ku Likoma, wina ali folomu 1 wina sitandade 5. Ndalama zake ndi zija timagawana ku banki m'khonde ndiye za ndege kapena maloji a azungu aja musatchule n'komwe. Wamng'onoyu amakonda zanyama koopsa, ndiye ndimafuna ndidziwe ngati pachilumbapo pali zachilengedwe zoti n'kuona osawononga ndalama zambiri, kapena tingosintha tipite ku Liwonde basi? Amene munafikako tithandizeni chonde

Zagwa Zatha: Mami ngati mwanayo akufuna njovu ndi mikango musavutike, ku Likoma nyama yaikulu ndi mbuzi kkkkk

Wa ku Makulawe: Aise Zagwa unafikako iwe kapena ukungolemba poti bando ilipo? Amayi a Tadala ine kwathu ndi konko, mchombo wanga uli ku Makulawe kumpoto kwa chilumba ngakhale pano ndikukhala ku Mzuzu. Zoona njovu kulibe, mvuu musayembekezere, koma nyama za kwathu zili m'madzi ndi pamiyala ndipo palibe geti loti mulipire. Ku Liwonde mulipira polowa, mulipira galimoto, mulipira gaidi. Ku Cape Maclear nakonso mbali ina ndi paki. Kwathu si paki ayi, mumangotsika pagombe n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno, kuviika nkhope basi mwayamba kuona. Chinthu chimodzi chokha chimene ndikupemphani mugule musananyamuke ndi magalasi aja osambira nawo, abwino kwambiri ndi aja ophimba maso ndi mphuno okhala ndi kapaipi kopumira, pa kaunjika amapezeka mukafufuza bwino. Mukapita opanda amenewo ndiye mukangoona mchenga ndi malambe n'kubwerako muli kunena kuti kulibe kanthu.

Mayi a Tadala: Zikomo achimwene. Koma m'madzimo tikaona chiyani kwenikweni, si usipa womwewu timadya tsiku ndi tsiku?

Mkulu wa ku Joni: Hahaha achemwali ayi ndithu. Ndiloleni ndiyankhe ine poti kuno ku Johannesburg ndimagwira ntchito pa shopu yogulitsa nsomba zoweta m'magalasi, zija azungu amaika pabalaza. Nsomba zimene timagulitsa kwambiri ndi mbuna za m'nyanja yathu yomweyo. Pali ina yabuluu ya mizere yakuda m'litali timaitcha maingano, imeneyo kwawo kwenikweni ndi ku Likoma, m'chilengedwe simungaipeze kwina kulikonse padziko lapansi. Ina amaitcha saulosi, yaimuna yabuluu yaikazi yachikasu, imachokera pamiyala ya pansi pa madzi ya Taiwanee Reef kufupi ndi chilumba cha Chizumulu. Anthu kuno amatulutsa ma rand kugula kansomba kamodzi kochepa kuposa chala, n'kumakasamala ndi magetsi ndi hita usiku wonse, pamene inu mukaona mazanamazana ulele. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700 ndipo palibe nyanja ina ya madzi opanda mchere padziko yoiposa pamenepa, zambiri mwa izo sizipezeka kwina

Zagwa Zatha: Ndiye bwanji osangotenga chidebe n'kukadzazitsa tizikagulitsa ku Joni, tikuvutikiranji ndi ma loni

Mkulu wa ku Joni: Ukamangidwa mphwanga. Kutulutsa nsomba zamoyo kumafuna chilolezo cha a Fisheries, komanso zambiri zimene timagulitsa kuno zinaswedwa m'matanki momwemuno, si zochokera kunyanja ayi

Wa ku Makulawe: Akulu anena zoona. Ndipo amayi mukamuuza mwanayo zoti aziyang'ana ndiye asangalala kwambiri kusiyana n'kungoti taona nsomba. Choyamba mbuna zimakhala pamiyala, zimadya ndere zija zoterera zomera pamwala, ndiye musakasambe pamchenga poyera n'kumadabwa kuti zili kuti, pitani pamene miyala yalowa m'madzi. Yaimuna iliyonse imakhala ndi kamwala kake, inzake ikangoyandikira ndi ndewu, ana amaseka mpaka kumeza madzi. Chachiwiri ayang'ane nsomba yotupa kukhosi yosadya, imeneyo ndi yaikazi yanyamula mazira m'kamwa, imawasunga momwemo pafupifupi masabata atatu mpaka tiana tituluke. Mitundu ina ngakhale tiana tatuluka, mukayandikira mayi amatsegula kamwa tonse n'kuthawiramo. Ndiye pali kaligono, nsomba ya mawangamawanga imagona chammbali pamchenga kunamizira kufa, tinsomba tikabwera kuti tidye mtembo iyo n'kutimeza. Pamchenga napo mukaona timaenje tozungulira bwinobwino totumphuka m'mbali musaganize kuti ndi ana anakumba, ndi nsomba zazimuna zimamanga ndi pakamwa pofuna kukopa zazikazi

Mayi a Tadala: Eeee koma ziliko. Ine zaka zonsezi nsomba ndimangoidziwira mu poto

Aphunzitsi Opuma: Ndiwonjezereko pang'ono ana anga. Kampango amene mumamukonda wowambayo ndi kholo losamala kwabasi. Wamwamuna ndi wamkazi amalondera ana awo pachisa pansi pa miyala, ndipo wamkazi amaikira mazira ena osaswa kuti anawo adye. Kumuona masana ndi kovuta chifukwa amabisala kozama, amayenda usiku, koma mwana akamva zimenezi amayamba kuiona nyanja mwa mtundu wina. Ine ndinkaphunzitsa jogalafe ndipo chinkandipweteka n'choti ana athu amaloweza za mitsinje ya ku Ulaya pamene za nyanja yawo sadziwa.

Sisi Nesi: Pepani ndilowerere ndisanaiwale, poti mukukamba zoviika ana m'madzi. Likodzo m'nyanja yathu lilipo, tisanamizane. Tizilombo take timachokera mu nkhono zimene zimakonda madzi osaya, odekha, a bango ndi udzu, makamaka pamadooko pamene anthu amachapa ndi kusamba tsiku lonse. Timalowa pakhungu, simumva kanthu. Pamiyala pamene mafunde amamenya chiopsezo chimachepa koma sikuti chimatheratu. Ndiye sankhani malo osambira mwanzeru, mukatuluka dzipukuteni bwinobwino ndi thaulo, ndipo pakatha miyezi iwiri mutabwerako pitani kuchipatala mukawauze kuti munasamba kunyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel, amapereka molingana ndi sikelo ya munthu, musamangogula n'kumwa mwa mutu wanu komanso kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi sikuthandiza chifukwa tizilomboto timakhala tisanakule. Neti ya udzudzu tengani yanu. Chipatala chiliko cha St Peter's cha a Anglican koma zinthu ngati Panado, ORS ndi pulasitala nyamulani nokha, miyala ija imacheka mapazi

Wa ku Makulawe: Asisi ife tinakulira m'madzi momwemo koma tili moyo kkkk

Sisi Nesi: Muli moyo inde koma kusukulu mankhwala aja ankakupatsani mutadya phala anali a chiyani? Musandiyambe achimwene

Wa ku Makulawe: Ndagonja ndagonja

Bambo a Mphatso BT: Ine funso langa ndi la ng'ona. Mkazi wanga akangomva nyanja amati ng'ona, moti ulendo uliwonse umathera pompo

Wa ku Makulawe: Ng'ona zimakonda kumene mitsinje imathira m'nyanja ndi m'mabango, pachilumba mitsinje yotero kulibe ndiye sizioneka kawirikawiri, koma sindinganene kuti nyanja yonseyi ilibe ng'ona. Lamulo lake ndi limodzi, funsani eni dera musanalowe, akakuuzani kuti apa ayi musatsutse, ndipo usiku kapena kukada musasambe. Chimene anthu amachiona n'kukuwa kuti ng'ona nthawi zambiri ndi ng'azi, zija zazikulu zimaothera dzuwa pamiyala n'kudumphira m'madzi mukayandikira. Zimenezo ndi zambiri ndipo mwana wa amayi a Tadala akazikonda. Akatumbu nawonso aliko, koma amafuna munthu wolawira. Mudzuke kusanache bwino, mukakhale phee pamwala kumene kulibe anthu ambiri, mukaona timitu tikutuluka n'kumira, nthawi zina amakwera pamwala kudya nkhanu kapena nsomba. Asodzi samawakonda chifukwa amang'amba maukonde n'kuba nsomba zokodwa

Nachisale 47: Ine ndinapitako ndi anzanga a kwaya ndipo chimene sindidzaiwala ndi nkhwazi. M'mawa uliwonse ziwiri zinkakhala pamtengo umodzi n'kumalira mopokezana mutu atagadamitsa kumbuyo, kenako imodzi inatsika n'kutola nsomba pamadzi ife tikuona, palibe amene anatulutsa ngakhale 1 kwacha. Mphipi nazonso zimakhala pamiyala zitatambasula mapiko kuyanika, miyala mpaka kuyera ndi zitosi. Anantchengwa, akakowa, ndi timbalame tija takuda ndi toyera timaima m'malere pamwamba pa madzi kenako n'kudziponya chamutu. Anyamata ena a maboti amakuuzani kuti tilipireni tikakuonetseni nkhwazi, amagula usipa kapena utaka n'kuimba likhweru n'kuponya, nkhwazi n'kubwera kudzatola pafupi. Ndi zokoma kujambula koma ngati bajeti ndi yothina sizofunika

Aphunzitsi Opuma: Zoponyera nkhwazi nsombazo ine sindigwirizana nazo. Mbalame yolusa ikazolowera kupatsidwa imayamba kudikira boti m'malo mosaka. Chimodzimodzi zija zofinyira buledi m'madzi kuti mbuna zikuunjirireni. Mbuna matumbo ake ndi a ndere, buledi si chakudya chake.

Mkulu wa ku Joni: Pa buledi madala mwalasa, kuno kasitomala akazipatsa zakudya zolakwika zimatupa mimba n'kufa, ndiye amabwera kudzatikalipira ife

Nachisale 47: Koma adadi anyamata aja nawonso akufuna adye, ntchito pachilumba n'zosowa. Nkhwazi imodzi kupatsidwa kansomba kamodzi patsiku ingaiwale kusaka? Ine ndikuona ngati bola amene akupeza ndalama poonetsa mbalame yamoyo, ameneyo sangalole mwana kuigenda ndi legeni kapena munthu kudula mtengo wa chisa chake

Aphunzitsi Opuma: Pamenepo mwanena mfundo mwana wanga, sindikana. Komabe ndikadakonda akadamalipidwa chifukwa chodziwa kumene kuli chisa ndi nthawi imene mbalame imasaka, osati chifukwa cha likhweru. Tisiyane pomwepo, aliyense ndi maganizo ake.

Mayi a Tadala: Nkhani ikukoma koma tabwererani kaye ku thumba langa. Kafikidwe kake ndi kotani kuchokera ku Lilongwe kuno? Ndikuopa kuti ndalama zonse zithera panjira

Wa ku Makulawe: Ndipo ndi pomwepo pamene ndalama zimathera, osati pachilumba. Njira yachidule pamadzi ndi kudzera ku Nkhata Bay, kuchoka pamenepo kufika ku Likoma ndi makilomita pafupifupi 70. Mukwera basi ya ku Mzuzu kenako minibasi kutsikira ku Nkhata Bay, kapena kudzera msewu wa m'mbali mwa nyanja wa Salima ndi Nkhotakota. Sitima ya Ilala imayenda kamodzi pasabata, kuchoka ku Monkey Bay kukafika ku Chilumba n'kubwerera, ndiye pachilumba imadutsa kawiri, popita kumpoto ndi pobwerera kummwera. Mwachizolowezi imachoka ku Nkhata Bay Lolemba usiku kudzera ku Chizumulu n'kufika ku Likoma Lachiwiri, ndipo yobwerera ku Nkhata Bay imadutsa Loweruka, zimene zimakupatsani masiku anayi abwino pachilumba. Koma imbani kaye ku ofesi yawo sabata yomweyo musananyamuke, sitima nthawi zina imakhala ku sevisi ndipo nthawi yonyamukira imadalira katundu ndi mphepo. Pali maboti enanso amatabwa ndi ena a injini amayenda masiku ena, otchipa, koma ndi ana ine ndingakonde sitima yaikulu, ndipo boti lililonse limene mulibe ma layifi jaketi kapena mwaona kuti ladzaza mopyola, tsikani mudikire lina ngakhale mutataya tsiku

Bambo a Mphatso BT: Mitengo yake bwanji pano?

Wa ku Makulawe: Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 mitengo ikungosinthasintha ndi mafuta, ndikakuuzani ya chaka chatha mukandinena kuti ndine wabodza. Chimene sichisintha n'choti ekonome pansi ndiye yotchipa kwambiri, mumakhala limodzi ndi matumba a ufa, makatoni, nkhuku, pobwerera ndi matumba a usipa. Kenako sekondi kalasi, kenako deki ya pamwamba, ma kabini ndiye a mabwana. Malangizo anga popita usiku uja ngati mungakwanitse lipirani deki, muyale mphasa kapena kamatiresi ana agone akuona nyenyezi, pobwerera mupirire ekonome. Bulangete ndi majuzi musasiye, panyanja usiku kumazizira zoti simungakhulupirire

Aphunzitsi Opuma: Ndipo anawo muwauze kuti sitima imene akwerayo ndi mbiri payokha. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kulumikizidwa kunyanja konkuno, inayamba kuyenda mu 1951. Agogo awo mwina anali asanabadwe.

Zagwa Zatha: Madala ndiye mukuwalimbitsa mtima kapena mukuwaopseza kkkkk sitima ya 1951

Nachisale 47: Iwe Zagwa khala chete, minibasi ya dzana lomweli ndi imene imakusiya pa Jenda. Mayi a Tadala chinanso mafoni ndi ndalama muike mu jumbo yomanga bwino kapena kachidebe kotseka. Malo ngati ku Chizumulu sitima imaima patali ndiye mumatsikira m'maboti ang'onoang'ono, pena kuponda m'madzi ndithu, katundu pamutu mwana kumsana, usiku. Musavale zitenje zatsopano

Sisi Nesi: Holide yaikulu mukunenayo si nthawi ya mwera imeneyo? Ana asakasanze njira yonse

Wa ku Makulawe: Asisi mwakumbutsa chinthu chachikulu. Mwera umawomba kwambiri Juni, Julayi mpaka Ogasiti, kuchokera kummwera chakuvuma, nyanja imakwiya ndipo madzi amazizirirako. Ngati n'kotheka kankhirani ulendo kumapeto kwenikweni kwa holide, Seputembala akamayamba, mphepo imakhala ikugwa, madzi ali mbee moti mumaona pansi muli m'bwato. Okutobala ndi Novembala ndiye madzi abwino kwambiri koma kutentha kwake eee komanso ana ali kusukulu. Disembala ubwino wake ndi mango, chilumba chonse ndi mango okhaokha ana akadya mpaka kukana nsima, koma mvula ikayamba madzi a m'mbali amada pang'ono. Mukapita nthawi ya mwera basi sankhani magombe a kuzambwe monga cha ku Ulisa, amabisika ku mphepo, ndipo muzisamba m'mawa mafunde asanadzuke

Mayi a Tadala: Nanga nkhungu zija timaona pa Facebook zikukwera ngati utsi pakati pa nyanja tingakazione?

Wa ku Makulawe: Zimenezo ndi mwayi koma kumpoto kwa nyanjaku zimaoneka kawirikawiri, makamaka mwezi ukakhala mumdima ndipo zimachuluka nyengo ya mvula. Mphutsi zake zimakhala kozama masana, usiku zimakwera kudzadya, zikakhwima zimatuluka zonse pamodzi ndiye mumaona mizati yakuda italiitali ikuyenda pamwamba pa madzi, mlendo amayesa sitima ikupsa. Mphepo ikazikankhira kumtunda azimayi amanyowetsa lichero kapena dengu n'kumalizunguza m'mwamba, zimamatirira, kenako amaziumba timikate n'kuphika kapena kuyanika. Ndiwo yabwino zedi ndi kondowole. Asodzi ali pabwato amazilambalala chifukwa zikakuphimba kupuma kumavuta

Zagwa Zatha: Kudya udzudzu abale

Wa ku Makulawe: Si udzudzu, siziluma n'komwe. Iwe ngumbi ndi mbewa umadya bwanji osafunsa

Aphunzitsi Opuma: Livingstone amene analawa mkate wa nkhungu ali m'mbali mwa nyanjayi ndipo analemba za izo. Poti tatchula za azungu akale, amayi musabwereko osalowa mu St Peter's Cathedral, ili pamtunda pang'ono kuchoka pamsika wa pa Mbamba, malo otchedwa Chipyela. Amishoni a UMCA anakhazikika pachilumbachi m'ma 1880, tchalitchi anayamba kumanga mu 1903 ndipo chinapatulidwa mu 1911. Mukaona kukula kwake n'kuganiza kuti zipangizo zambiri zinkabwera pamadzi, mugwira pakamwa. Kukhalapo kwa amishoniwo n'kumene kunachititsa kuti zilumba ziwirizi, Likoma ndi Chizumulu, zikhale za Nyasaland ngakhale zili m'madzi a Mozambique, mtunda wa Mozambique uli pafupi kwambiri moti mapiri ake mumawaona bwinobwino pamene kwathu kuno kuli kutali. Kale zinali pansi pa Nkhata Bay, pano Likoma ndi boma palokha, laling'ono kuposa onse, kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira pang'ono 14,000 zilumba zonse ziwiri. Polowa m'tchalitchi pezani woyang'anira akuyendetseni, muponyeko kangachepe m'bokosi, ndipo Lamulungu likakupezani konko kapembedzeni nawo mumve kuimba.

Nachisale 47: Kuimba kwake adadi musanene, ife a kwaya tinachita manyazi. Mayi a Tadala zoyendayenda pachilumba musawononge ndalama pa njinga zamoto pokhapokha tsiku lofika muli ndi katundu. Chilumba chonse ndi ma sikweya kilomita 18 okha, mumayenda wapansi kuchoka ku Mbamba kupita ku Nkhwazi kummwera kapena ku Makulawe kumpoto n'kubwerera tsiku lomwelo, magalimoto ndi owerengeka ndiye ana amayenda momasuka. Njira yonse ndi malambe akuluakulu ena a mphako zoti ana kulowamo angapo, minda ya chinangwa, mathandala a usipa. Kungoti nyamukani m'mamawa, nyamulani madzi ambiri ndi zipewa, masana dzuwa la kumeneko silicheza. Madzulo kwerani phiri la Macholo mukaone mbali zonse, uku Mozambique uku Chizumulu, dzuwa likulowera kumapiri a kwathu

Bambo a Mphatso BT: Ku Mozambique ko munthu angawolokere? Ndamva kuti ndi pafupi

Wa ku Makulawe: Ndi pafupi, maboti amapita ku Cobue pafupipafupi, anthu athu nkhuni ndi zinthu zina amakatenga konko ndipo pali ubale waukulu, nthawi ya nkhondo yawo ija inatha mu 1992 ambiri anathawira kwathu. Chilankhulo simuvutika, ndi Chinyanja chomwechi. Koma ndi dziko la eni, mudutse kaye ku imigireshoni mudinditse mapepala anu ndi a ana, musamvere wa boti akamati palibe vuto tingopita. Kwa amayi a Tadala ndi masiku anayi okha komanso bajeti yawoyo ine ndingati zisiyeni, kuli bwino ndalama imeneyo mupite ku Chizumulu ngati nyanja yagona. Ndi kachilumba kakang'ono mumakazungulira wapansi maola ochepa, miyala yake mbuna zake ndi zina zosiyana ndi za ku Likoma ngakhale ndi pafupi, chifukwa mbuna siziwoloka madzi akuya opanda miyala, gulu lililonse limakhala pamiyala yake mpaka kusintha mtundu

Mkulu wa ku Joni: N'chifukwa chake pa shopu timalemba dzina la nsomba limodzi ndi malo ake, Likoma, Chizumulu, Cobue, Nkhata Bay. Makasitomala ena amatchula maina a midzi ya kwathu bwinobwino koma sadziwa ngakhale kuti Malawi ali mbali iti

Mayi a Tadala: Kogona ndi chakudya nanga? Tili anthu anayi

Nachisale 47: Pa Mbamba pali ma resiti hausi wamba a mtengo wa ife tomwe, kuchokera pamenepo mumayenda kupita kugombe. Kwina ngati ku Mango Drift amalola kumanga tenti pamchenga ndipo ndi kotchipa kuyerekeza ndi zipinda, ngati muli ndi mnzanu wa tenti bwerekani. Loji ya Kaya Mawa ndiye ingoyang'anani ndi maso kkkk. Komanso ngati muli a mpingo funsani kudzera kwa abusa kapena a Mothers' Union, ife ndi momwe tinapezera pogona. Chakudya ndikuuzeni chilungamo, zinthu za m'golosale ndi zokwera chifukwa zonse zimabwera pa sitima. Ufa, mpunga, mafuta, shuga, anyezi, tomato wosapsa kwambiri gulani ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu. Masamba amavuta nthawi yachilimwe. Koma nsomba mukalawira kudooko asodzi akamafika mugula usipa wauwisi, utaka, ncheni, mwayi ukakhalapo kampango, pamtengo woti ku Lilongwe simungaulote. Kambaula kakang'ono ndi poto tengani

Wa ku Makulawe: Ndipo kudooko m'mawa ndi malo ena oti mwana akaphunzire ulele. Usiku muona magetsi ambirimbiri pamadzi, amenewo ndi asiginala, munthu amakhala pabwato ndi nyali kukopa usipa kenako anzake amazungulira ndi ukonde wa chilimira n'kukoka. M'mawa akamakhuthula pemphani mwaulemu mwana aone mitundu ya nsomba, asodzi amakonda kufotokoza akaona kuti mukufunadi kudziwa. Kungoti musajambule anthu osapempha, makamaka kumene azimayi akusamba, madooko ena ali ndi mbali ya amuna ndi ya akazi ndiye funsani. Mukafuna kukwera bwato gwirizanani mtengo musanakwere, muyende m'mbali mwa miyala osapita pakati, ndipo mwana wosadziwa kusambira asakwere opanda jaketi, bwato lathu lija limafuna chizolowezi kukhala kwake

Sisi Nesi: Ngakhale posamba pamiyala wamkulu mmodzi azikhala kunja akuwayang'ana, osati nonse mitu m'madzi kusirira nsomba. Pena pamaoneka posaya chifukwa madzi ndi oyera koma ukaponda palibe pansi

Bambo a Mphatso BT: Za ndalama, kuli ma ATM?

Wa ku Makulawe: Musadalire makina, tengani kashi yokwanira muigawe m'matumba awiri, ina ikhale mu Airtel Money kapena Mpamba, ma ejenti aliko koma nthawi zina amakhala alibe kashi yokupatsani makamaka tsiku la sitima. Ndipo ya tikiti yobwerera ndi ya masiku awiri apadera muibise osaikhudza, mphepo ikavuta mutha kugona konko masiku owonjezera. Magetsi pano aliko bwino chiikireni sola, koma pawa banki tengani. Foni nthawi zina imakoka netiweki ya ku Mozambique ndiye thimitsani roming isakudyereni ma yunitsi

Zagwa Zatha: Ine mwandigula, mami munditenge ndikhale wonyamula mbaula

Mayi a Tadala: Iwe ndi pakamwa pakopo angatiponye m'madzi tonse. Achimwene a ku Makulawe malipenga tingakawapeze nthawi imeneyo? Bambo a kunyumba amawakonda

Wa ku Makulawe: Nthawi yachilimwe ndi imene magulu amayitanizana, amuna malipenga azimayi chioda, ndipo kuonera n'kwaulere kungofupa ovina. Tsiku lake silidziwika patali, mukafika funsani pamsika pa Mbamba akuuzani mudzi umene kuli gule sabata imeneyo. Mukatsimikiza za deti mundiuze ku inibokosi ndiwadziwitse achemwali anga, ana awo akawatengere anzawo kumiyala kumene kuli mbuna zambiri

Mkulu wa ku Joni: Za magalasi musagule achemwali, ndili nawo awiri a ana ndi amodzi aakulu angokhala m'kabati. Mlamu wanga akukwera basi mwezi wamawa atsikira ku Lilongwe, ndimupatsira. Koma ayeserere kaye kupumira kapaipi mu beseni kunyumba, ndipo asanalowe m'madzi apake malovu pagalasi mkati n'kutsukuluza kuti lisachite nthunzi

Mayi a Tadala: Ambuye akudalitseni achimwene, ndiye ndikulipirani bwanji?

Mkulu wa ku Joni: Usipa wa ku Likoma ndowa imodzi, wofutsa osati wamchenga, mlamu yemweyo adzanyamula pobwerera

Admin: Amene mukufuna kulowa nawo ulendowu lembani maina pansipa pofika Lachisanu tione ngati tingakwane kuchita haya minibasi imodzi mpaka ku Nkhata Bay. Zagwa dzina lako ndilemba ukalipira ya chipereganyu cha mwezi watha